Kodi umphawi udzathadi pofika chaka cha 2030?

Funso: Akonzi, ndimamva pa wailesi kuti maiko anagwirizana zothetsa umphawi pofika chaka cha 2030. Kodi zimenezi zitheka? Wowerenga, Mchinji.

Yankho: Zimene munamvazo n'zoona. Mu September 2015, maiko a m'bungwe la United Nations anavomereza zolinga 17 za chitukuko, ndipo choyamba mwa izo ndi kuthetsa umphawi wadzaoneni, umene Banki Yaikulu Padziko Lonse tsopano imauyeza ndi ndalama zosakwana madola 3 patsiku.

Kunena mosabisa, sitikuona kuti cholingachi chikwaniritsidwa pa nthawi yake. Umphawi unatsika kwambiri kuyambira m'ma 1980 makamaka chifukwa dziko la China, potukula ulimi ndi mafakitale, linatulutsa anthu pafupifupi 800 miliyoni mu usiwa, koma mliri wa Covid-19 unabweza ntchitoyi m'mbuyo mu 2020, ndipo lero anthu ambiri osaukitsitsa ali ku Africa kuno, kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chakuti mavuto akubwera mosanjikizana. Nkhondo zikukweza mitengo ya feteleza ndi mafuta, ngongole zikudya ndalama zimene maboma akanagulira mankhwala, namondwe ngati Freddy wa mu 2023 amakokolola m'masiku ochepa zimene mabanja anasonkhanitsa zaka zambiri, ndipo boma la America linatseka bungwe lake lothandiza maiko osauka la USAID mu 2025.

Komabe njira zothandiza zilipo. Mtukula Pakhomo, amene anayambira kwanu ku Mchinji komweko mu 2006, waonetsa kuti banja losauka likalandira ndalama m'manja limagula chakudya, limaweta mbuzi ndiponso limatumiza ana kusukulu.