Kwa achimwene ofuna kuitanitsa Defender yokonzedwanso kuchokera ku England

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwapeza Land Rover Defender 110 ya 1995 pa intaneti, ili ku England, wogulitsa akuti anaikonzanso yonse ndipo akufuna mutumize theka la ndalama kuti akusungireni. Mukufunsa ngati n'kwanzeru kuibweretsa kuno ku Blantyre. Galimoto zimenezi ndimazikonda kwambiri ndipo ndingasangalale kuona ina ikuyenda mu Chipembere Highway muno, koma ndalamazo musatumize kaye.

Zithunzi mwaikazi ndaziyang'ana chimodzichimodzi. Penti ndi wowala, mipando yasokedwa bwino, matayala ndi atsopano. Koma palibe chithunzi ngakhale chimodzi chojambulidwa kunsi, pomwe pa Defender nkhani yonse ili kunsiko. Bodi yake mbali yaikulu ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri lofiira lija, n'chifukwa chake imaoneka bwino ngakhale itatheratu. Chesisi ndiyo yachitsulo, pamodzi ndi khoma lolekanitsa injini ndi pokhala anthu, lomwe amakaniko amati bulkhead. Ku England nyengo yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Mcherewo umalowa m'chesisi limodzi ndi matope n'kumaidya kuyambira mkati. Wogulitsa wosakhulupirika amangopopera penti wakuda wokhuthala pamwamba, basi nkhani yabisika.

Ndiye muuzeni akuimbireni pa WhatsApp mukuonana, galimoto itakwezedwa m'mwamba. Atenge hamala agogode chitsulo chopingasa chakumbuyo chija pomwe pamakhala chokokera ngolo, agogodenso timikono totuluka m'mbali mwa chesisi tomwe timanyamula bodi. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee, chodyeka chimangoti phuphu ndipo zinyenyeswa zimayoyoka. Achotse makapeti pomwe dalaivala amaponda, atsegule zitseko akuonetseni kunsi kwake, chifukwa mafulemu a zitsekozo ndi achitsulo ndipo amaola msanga. Pa galaja ina ku Ndirande ndinaona Defender yobwera kumene, yowala bwino, makaniko atakankha sikuludiraiva pa chitsulo chakumbuyocho inangolowa ngati akubaya papaya wakupsa. Mwini wake anali atalipira kale msonkho wonse. Wogulitsa akayamba kuzemba nkhani ya vidiyoyi, musavutikenso naye.

Pali chinthu china chaulere chomwe ambiri sachidziwa. Ku UK galimoto zimayesedwa chaka ndi chaka, zomwe amati MOT, ndipo zotsatira zake zili pa webusaiti ya boma la kumeneko. Mukangolowetsa nambala ya galimoto mumaona mamailosi omwe inali itayenda pa mayeso aliwonse kuyambira cha m'ma 2005 komanso zomwe oyesawo anadandaula nazo. Ngati mawu oti corrosion, kutanthauza dzimbiri, akubwerezedwa zaka zingapo zotsatizana, kenaka n'kusowa mwadzidzidzi, funsani malisiti ndi zithunzi za ntchito yomwe inagwiridwa pakati pamenepo. Munthu amene anakonzadi galimoto kuyambira pansi amakhala ndi zithunzi zambirimbiri za ntchitoyo, ndipo amanyadira kuzionetsa.

Akakuuzani kuti anaika chesisi yatsopano yamtundu wa galvanised, yokutidwa kuti isachite dzimbiri, imeneyo ndi nkhani yabwino ndithu, koma funsani za nambala. Nambala yodindidwa pa chesisi iyenera kufanana ndi ya pa kachitsulo ka VIN, nambala ya galimoto yochokera ku fakitale, komanso ya m'buku la galimoto la kumeneko, V5C. A MRA adzaiyang'ana, a Road Traffic pa Ginnery Corner adzaiyang'ananso musanapatsidwe blue book ndi COF. Ikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, galimoto imakhala pa yadi miyezi inu mukuthamanga ndi makalata. Kumbukiraninso kuti chisiyireni kupanga Defender yakaleyi ku fakitale ya ku Solihull, ku England, mu January 2016, mitengo yake inakwera ndipo akuba ku England amaifuna kwambiri. Zilipo zomangidwa ndi ziwalo za galimoto zobedwa.

Pa injini, ya 1995 iyenera kukhala 300Tdi, ya dizilo, malita 2.5. Kwa ife kuno imeneyi ndiyo yabwino, chifukwa pampu yake siidalira kompyuta ndipo makaniko wodziwa ntchito ku Limbe kapena ku Chirimba amatha kuimasula n'kuimanganso. Injini ya Td5 yomwe inabwera mu 1998 ili ndi kompyuta, ikavuta kumudzi mumasowa pogwira. Vuto la 300Tdi n'loti siipirira kutentha. Ikangowira kamodzi, hedi, gawo lapamwamba la injini, imatha kupindika. Galimoto yomwe yakhala moyo wake wonse kozizira ikayamba kukwera chitunda cha Chikwawa kuchokera pa Thabwa mwezi wa October, radiyeta yotopa imadziulula pomwepo. Ikafika musinthe timing belt, mapaipi a madzi ndi thermostat musanapite nayo kutali, kaya wogulitsa ananena zotani. Ndipo ngati anachotsa injini ya dizilo n'kuikamo V8 ya petulo kuti izimveka bwino, ganizirani mizere ya pa filing'i yomwe takhala tikugonapo.

Tsopano ndalama. Mtengo mwauona pa intanetiwo ndi chiyambi chabe. Pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, zolipira padoko zomwe zimakula tsiku lililonse mukachedwa kuitulutsa, ajenti, kenaka ulendo wodzera pa Songwe kapena pa Mwanza. Galimoto ya zaka zimenezi, yomwe simunaiyendetsepo, ine sindingaipatse dalaivala woti athamange nayo kuchokera ku Dar. Ndi bwino ikwere pa lole. Kenaka msonkho: duty, excise ndi VAT, zowerengedwa pa mtengo wa galimoto kuphatikiza zonyamulira ndi inshulansi. Excise imakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu, ndiye musaganize kuti ukale wake ukuchepetserani msonkho. Pitani ku Msonkho House kapena kwa ajenti wovomerezeka ndi chaka cha galimoto, kukula kwa injini ndi invoisi, akuwerengereni musanalipire kalikonse. Ndalama zakunjanso mukudziwa momwe zikuvutira m'mabanki. Amene anali ndi galimoto panyanja pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anaona msonkho wawo ukusintha galimoto isanafike.

Maganizo anga ndi oti muyambe mwayang'ana konkuno. M'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'mamishoni ndi m'mabungwe mwadutsa ma Land Rover ndi ma Land Cruiser ambiri, ndipo ena akugona m'mayadi a anthu. Amakhala otopa, masipuling'i ataphwa, mwina chesisi itang'aluka chifukwa cha katundu, koma sanamwe mchere, ndipo vuto lake mumaliona ndi maso anu mutagona pansi ndi tochi. Mukaikonza pang'onopang'ono ndi makaniko wanu mumadziwa bawuti iliyonse yomwe yalowamo. Ngati cholinga ndi galimoto yogwira ntchito kumunda ndi kumudzi, Land Cruiser 70 ya injini ya 1HZ masipeya ake savuta kupeza m'tauni muno poyerekeza ndi a Defender, omwe nthawi zambiri mumachita kuitanitsa ku South Africa.

Koma ngati mtima wanu uli pa imeneyi, ndikumvetsa. Lipirani munthu wodziwa Land Rover wa komweko, wosadziwana ndi wogulitsa, apite akaione ndi kukulemberani lipoti. Ndalama muzitumiza ku akaunti ya kampani yolembetsedwa, mutagwira invoisi yokhala ndi nambala ya chesisi, osati ku akaunti ya munthu. Mukapeza zithunzi za kunsi ndi mbiri ya MOT ija, ziikeni pompano tizione limodzi, m'gulu muno muli amakaniko odziwa kuposa ine.