Mwana wanga amautha mpira koma sukulu ikumuvuta

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, mpira amautha heve moti makochi akumufuna koma mkalasi sizikuyenda, bambo ake akuti asiye zampirazo basi. Kodi luso lokha lingamufikitse patali? Mayi wa ku Mzuzu.

YANKHO: Amayi, luso limathandiza koma palokha silikwanira ayi. Taonani Tabitha Chawinga wa ku Rumphi uja, anapita ku Sweden mu 2014 akadali kamtsikana, timu yaing'ono, kuzizira, chilankhulo chachilendo, anapirira zonsezo kenako China mpaka anakamwetsa zigoli 23 ku Inter Milan nkuposa aliyense mu ligi ya Italy. Mng'ono wake Temwa naye anachinya 20 ku America mu 2024. Atsikana aluso kumidzi kwathu ngambiri, opirira ma training tsiku ndi tsiku ndiwo ochepa.

Ine ndikupemphani mumufunse mwanayo ngati amasangalaladi akamasewera, chifukwa munthu sangalimbikire zaka zambiri pa chinthu chosamukoma, ndipo mukamulanda mpirawo mwina nkalasi momwemo afookeratu. Koma sukulu asasiye, bondo likhoza kuvulala mawa, MSCE aitenge ndithu. Khalani pansi ndi bambo ake mugwirizane, homuweki kaye, mpira madzulo ndi Loweruka.