Makwerero a kusiling'i: yambani mwasuzumira kumwambako musanakagule

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Waterfalls, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe. Iwo ndi amuna awo agula nyumba yakale ya matailosi, ndipo m'kolido muli kachitseko ka pasiling'i. Akufuna kumasungako masutikesi, mabulangete a mwezi wa June ndi miphika ikuluikulu ija imangotuluka pa ukwati ndi pamaliro. Pakadali pano abambo akafuna kukwera amasanjika mpando pa tebulo. Funso lawo ndi lakuti: "Tigule makwerero otani, a matabwa kapena a aluminiyamu?"

Amayi, choyamba awuzeni abambowo asiye za mpando pa tebulo lero lomwe. Chachiwiri, funso la matabwa kapena aluminiyamu libwera kumapeto. Loyambirira ndi lakuti, kumwambako kuli poponda?

Ambirife tinakulira ku Mbare, Highfield kapena Mufakose, kumene agogo athu anafikira atachoka ku Nyasaland nthawi ya chitaganya, cha m'ma 1953 mpaka 1963. Nyumba zambiri kumeneko zinalibe siling'i. Ukagona chagada unkaona asibesitosi, ndipo katundu ankakhala pamwamba pa wadiropu. Ndiye tikasamukira m'nyumba ya siling'i, n'kuonanso zithunzi za ku England pa intaneti, timaganiza kuti kumwambako kuli chipinda. Kulibe. Siling'i ya kuno ndi bolodi yopyapyala yokhomedwa pa timatabwa ta mamilimita 38, ndipo timatabwato ntchito yake ndi kunyamula bolodiyo basi.

Ine ndinaphunzira mowawa. Tsiku lina giza, thanki yotenthetsera madzi ija, itayamba kudontha ndinakwera ndi tochi ya pafoni, ndikuyenda pa mitanda bwinobwino. Potembenuka phazi linaphonya mtanda. Mwendo wonse unatulukira m'chipinda cha ana, fumbi la zaka makumi angapo ndi zitosi za makoswe zili mbwee pa bedi, silipasi ili pansi. Pa ntchafupa chipsera chilipo mpaka lero.

Choncho ikani m'bajeti matabwa oyala pamwamba pa mitanda ikuluikulu yapansi ya denga, pafupi ndi chibowo cha kachitseko kaja, makamaka pamene pansi pake padutsa khoma. Mabulangete ndi masutikesi opanda kanthu palibe vuto. Matumba a chimanga ayi. Kumbukirani kuti m'nyumba zambiri zakale kumeneko kuli kale giza, ndipo giza ya malita 150 ikadzaza madzi okhawo amalemera makilogalamu 150.

Mukatero tengani tepi. Yezani kuchokera pansi kufika pamwamba pa mtanda umene makwerero adzamangidwepo, osati pa bolodi. Nyumba zambiri zimakhala pakati pa mamita 2.4 ndi 2.7, koma zina zakale zimapitirira, ndipo makwerero ofupika ndi masentimita 20 okha amakusiya ukulendewera. Yezani chibowo mulitali ndi mulifupi. Yezaninso malo a m'kolido, chifukwa makwerero opinda potambasuka amafuna malo pafupifupi mita ndi theka. Ndinaonapo ena okongola ndithu, koma akatsitsidwa ankagunda chitseko cha bafa.

Nkhani yagona pa chibowo. Tizitseko ta m'nyumba za kuno anapangira pulambala kuti alowe kukaona giza, tambiri ndi ta masentimita 60 mbali zonse. Makwerero a matabwa opinda patatu, amene amabwera ndi chitseko chake ndi felemu, kawirikawiri amafuna chibowo cha 60 kapena 70 mulifupi ndi 120 mulitali. Kutalikitsa chibowo motsatira mitanda n'kotheka, kalipentala amangodula bolodi ndi timatabwa tating'ono tija n'kumanga felemu yolimba. Koma akanena kuti adula mtanda wa denga kuti makwerero alowe, mutsanzikeni. Mitanda imeneyo ndi imene yagwira matailosi onse, ndipo mukadula umodzi denga limayamba kutsika pang'onopang'ono.

Ngati simukufuna kugumula chilichonse, pali a aluminiyamu otsetsereka, a zigawo ziwiri kapena zitatu. Ndi opepuka, otsika mtengo, chiswe sichiwadziwa. Vuto lake amafuna malo kumwamba oti agonepo, ndiye ngati giza ili pafupi ndi chibowo salowa. Popondapo pake ndi popapatiza, pamapweteka ngati simunavale nsapato. Alipo ena opindika ngati akodiyoni amene amakwana pa chibowo chaching'ono, koma amagwedera, ndipo munthu wonyamula mphika wa nsima ya anthu 50 sindingamuike pamenepo.

Kwa inu amene mudzakwera mutanyamula katundu, ine ndingasankhe a matabwa opinda, okhala ndi chogwirira m'mbali. Popondapo ndi potakata, sachita phokoso. Pogula yang'anani chizindikiro cha EN 14975, muyezo wa ku Ulaya wa makwerero a mtundu umenewu, ndipo palembedwe kulemera kumene angapirire, ambiri ndi makilogalamu 150. Nambala imeneyo ndi ya inuyo pamodzi ndi zimene mwanyamula.

Ena andifunsa ngati sangangopangitsa ku Siyaso, msika wa amisiri wa ku Mbare, kapena kwa akalipentala a ku Glen View Area 8. Makwerero wamba oimika pakhoma amisiri akumeneko amawapanga bwino, ndipo ngati mumakwera kawiri pachaka amenewo akukwanirani, bola apitirire chibowo kuti mukhale ndi pogwira potsika. Koma opinda mphamvu yake ili m'mahinjesi ndi masipuling'i. Mukapangitsa, pemphani paini wouma bwino komanso wothiridwa mankhwala a chiswe, ndipo amange ndi mabauti, osati misomali.

Chomaliza ndi magetsi. Kusiling'i kumadutsa mawaya, ndipo masiku ano anthu awonjezerako a sola ndi inveta, ena ongoponyedwa pamwamba pa mitanda. Musanamange makwerero, makamaka a aluminiyamu, zimitsani pa bokosi lalikulu ndi inveta yomwe. Musadalire kuti magetsi a kampani ya ZESA apita, amabwera osagogoda. Ndipo ntchitoyi igwireni m'mawa. Mu October, ikamakwana 11 koloko, pansi pa matailosi simungakhale mphindi 10.