Kukamba nkhani za maphunziro m'sitima zapamadzi: kodi ndi ntchito yosiyira uphunzitsi?

Funso: Mwana wanga wamkazi anamaliza digiri ya mbiri yakale ku Zomba zaka ziwiri zapitazo ndipo akuphunzitsa pa sekondale ina yapulaiveti, koma malipiro ake ndi ochepa. Waona pa Facebook kuti sitima zikuluzikulu zapamadzi zoyenda ndi alendo zimatenga anthu oti aziphunzitsa okwera, ndipo wina pa WhatsApp wamuuza kuti atumize ndalama yolembetsera kuti amupezere malo. Iye akufuna kusiya ntchito, ine ndikuganiza zogulitsa kapuloti kanga kuti ndimuthandize. Kodi ntchitoyi ilikodi? Ndine mayi wa ku Mchinji.

Mayi, puloti musagulitse, ndipo mwana wanu asalembe kalata yosiya ntchito. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mutalekezera panjira kuwerenga, awa okha mukhale mutawamva. Koma ndikupempheni muwerenge mpaka kumapeto, makamaka muli naye limodzi mwanayo, chifukwa zomwe waonazo si bodza lokhalokha. Anthu okamba nkhani za maphunziro m'sitima aliko ndithu. Chomwe sanauzidwe n'chakuti ambiri mwa iwo salandira malipiro.

Mwambowu ndi wakale. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya ku Britain ya Swan Hellenic inayamba kutenga alendo kukaona mabwinja a ku Greece, ndipo m'sitimamo inkakwezanso akadaulo oti azifotokoza zomwe alendowo akukaona. Mmodzi mwa iwo anali Sir Mortimer Wheeler, katswiri wotchuka wofukula zinthu zakale. Lero makampani ambiri amachita zomwezo. Cunard ili ndi ndondomeko yotchedwa Cunard Insights, Viking nayo imayenda ndi akatswiri ake a mbiri yakale. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Sitima ya Queen Mary 2 ikanyamuka ku Southampton imatha masiku 7 isanafike ku New York, osaima padoko lililonse, ndipo ikadzaza imakhala ndi alendo oposa 2,500. Anthu onsewa sangangokhalira kudya ndi kuyang'ana madzi. Ambiri ndi achikulire opuma pantchito, okonda kuwerenga, ndipo amafuna kumva zinthu zogwira mtima.

Kaphunzitsidwe kake n'kosiyana kwambiri ndi ka m'kalasi. Tsiku lomwe sitima ili pakati pa nyanja, wokambayo amapatsidwa holo ya zisudzo kwa mphindi pafupifupi 45. Amaima kutsogolo, zithunzi zikuoneka pakhoma kumbuyo kwake. Palibe kuitana mayina, palibe mayeso, palibe silabasi. Munthu akatopa nawe amangodzuka n'kupita kukamwa tiyi, iwe ukuona. Pampando wakutsogolo pakhoza kukhala gogo yemwe anaphunzitsa phunziro lomwelo pa yunivesite moyo wake wonse, ndipo ukalakwitsa chaka chimodzi chokha adzakupeza pa nthawi ya chakudya n'kukuwongolera. Nkhaniyo nthawi zambiri imajambulidwa n'kumaonetsedwanso pa wailesi yakanema ya m'zipinda zogona. Ulendo ukamatha alendo amalemba maganizo awo, ndipo zolemba zawozo n'zomwe zimachititsa kuti uitanidwenso kapena uiwalike. Komanso sumapita ndi nkhani imodzi. Ulendo ukakhala wautali amafuna nkhani zingapo zosiyana, zonse zokonzeratu.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe ndi phata la funso lanu. M'sitima zambiri wokambayo amatengedwa ngati mlendo. Malipiro ake ndi chipinda chogona, chakudya ndi ulendowo, ndipo kawirikawiri amaloledwa kutenga mnzake mmodzi. Basi. Nthawi zambiri tikiti ya ndege yokafikira kudoko amalipira yekha, inshulansi yekha, viza yekha. Makampani ena a sitima zodula kwambiri amalipirako ndege, ndipo anthu otchuka zedi, monga olemba mabuku odziwika, akazembe opuma ndi omwe anapitako kumwezi kapena mumlengalenga, amakambirana zawo paokha. Koma kwa munthu wamba wodziwa phunziro lake, ichi ndi tchuthi chomwe amachigula ndi nzeru zake m'malo mwa ndalama. N'chifukwa chake ambiri ochita zimenezi ndi aphunzitsi a pa yunivesite opuma, atolankhani akale, asilikali akuluakulu opuma, anthu omwe penshoni yawo ikulowa mwezi ndi mwezi iwo ali panyanja. Taganizani tsono mtsikana wochokera ku Lilongwe, agule tikiti yopita ku London kapena ku Miami ndi ndalama zakunja zomwe tonse tikudziwa kusowa kwake, akhale milungu iwiri panyanja, abwerere opanda ndi tambala yomwe m'thumba, ntchito atasiya. Chikomekome cha mkuyu, mayi, m'kati muli nyerere.

Pali gulu lina lomwe limalandiradi malipiro, ndipo ndikufuna mwana wanu alidziwe bwino chifukwa kumeneko n'komwe kuli ntchito yeniyeni. Izi ndi sitima zing'onozing'ono zopita kumalo ovuta kufika monga ku Antarctica, kumpoto kozizira kwa Arctic ndi ku zilumba za Galápagos. Kampani ya Lindblad Expeditions, yomwe yakhala ikugwira ntchito ndi National Geographic kuyambira 2004, ndi imodzi mwa zodziwika. Sitima zotere zimalemba akatswiri a mbalame, a zamoyo zam'nyanja, a miyala ndi a mbiri yakale ngati antchito enieni. Zopita ku Antarctica zambiri zimanyamukira ku Ushuaia m'dziko la Argentina pakati pa Novembala ndi Malichi, ndipo zimatha masiku awiri zikudutsa Drake Passage, nyanja yolusa kwambiri. M'masiku awiri amenewo n'momwe nkhani zambiri zimakambidwa, wokambayo atagwiritsa tebulo ndi dzanja limodzi kuti asagwe, ena mwa omvera atagona m'zipinda chifukwa cha nseru. Akafika, yemwe dzulo amakamba za Ernest Shackleton, mtsogoleri wotchuka wa maulendo akale ofufuza ku Antarctica, m'mawa uno wavala zovala zochindikala, akuyendetsa kaboti ka mphira kotchedwa Zodiac pakati pa madzi oundana, kutsitsa agogo mmodzimmodzi pagombe, madzulo n'kuyang'anira kuti aliyense watsuka nsapato zake kuti asasamutse tizilombo ndi njere kuchoka pachilumba china kupita pa china. Bungwe la makampani otenga alendo ku Antarctica lotchedwa IAATO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1991, limalamula kuti pamtunda pasatsike alendo oposa 100 nthawi imodzi, ndipo pa alendo 20 alionse pakhale wowatsogolera mmodzi. Lamulo limeneli n'lomwe limachititsa kuti akatswiriwa azifunika ambiri. Koma mwaona nokha kuti kudziwa mbiri kokha sikukwanira. Pamafunika chiphaso choyendetsera boti, maphunziro a chithandizo choyamba, thupi lolimba ndi mtima wopirira.

Ndingowonjezerapo kanthu kamodzi komwe kamandisangalatsa. Sitima ya Shackleton, Endurance, inamira mu 1915 ndipo inapezeka mu Malichi 2022 pansi pa nyanja ya Weddell ku Antarctica, pakuya mamita oposa 3,000. Ofufuzawo ananyamukira ku Cape Town pa sitima ya S.A. Agulhas II, ndipo woyendetsa wake anali Knowledge Bengu wa ku South Africa. Munthu wakuda wa kuno kummwera kwa Africa ali nawo malo panyanja zimenezi. Chabe kuti amafikako podzera m'zaka zambiri za maphunziro ndi ntchito.

Kulinso Semester at Sea, yunivesite yoyenda panyanja yomwe inayamba mu 1963 ndipo kuyambira 2016 maphunziro ake amayang'aniridwa ndi Colorado State University. Malemu Desmond Tutu anayendapo nayo. Ophunzitsa kumeneko ndi anthu omwe ali kale aphunzitsi a pa yunivesite, choncho pakadali pano tiisiye kaye pambali.

Nanga uja wa pa WhatsApp? Apa mpofunika kumvetsetsa, chifukwa anthu achinyengo amabisala pa kachoonadi kakang'ono. N'zoona kuti ku America ndi ku Britain kuli makampani omwe amalumikizitsa okamba nkhani ndi eni sitima, ndipo ena amalipiritsa kandalama pa tsiku lililonse la ulendo. Koma makampani amenewa ali ndi maofesi ndi masamba a pa intaneti odziwika, amayamba apempha mbiri ya maphunziro ako, mitu ya nkhani zako ndi kanema woonetsa ukulankhula pagulu, ndipo ambiri opempha amakanidwa. Samakulonjeza malipiro, ndipo sakuuza kuti utumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Ngati wa pa WhatsAppyo akunena kuti iyi ndi ntchito yamalipiro, ndiye wadziulula yekha. Pangano la mayiko lotchedwa Maritime Labour Convention la 2006 limaletsa kulipiritsa munthu kuti apeze ntchito ya m'sitima. Zomwe wantchito angalipire yekha ndi pasipoti, chiphaso cha dokotala ndi kabuku ka oyenda panyanja. Ngakhale viza imene amayenera kulipira ndi eni sitima. Mwana wanu amufunse munthuyo dzina la sitima, dzina la kampani, komwe kuli ofesi yake, ndi ngati akudziwika ku Unduna wa Zantchito. Kenako alembere kampaniyo kudzera pa tsamba lake lenileni kufunsa ngati imamudziwa. Madobadoba otere akangoona mafunso amayamba kukufulumizitsa kuti malo atsala awiri okha. Tonse tinamva za alongo athu omwe anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka alandidwa mapasipoti. Nkhani zawo zinayambanso ndi uthenga wa pa foni.

Ngati chomwe mwana wanu akufuna ndi malipiro abwinopo msanga, m'sitima muli ntchito zina: kuyang'anira ana a alendo, kulandira alendo, kukonza maulendo a pamtunda sitima ikaima. Uphunzitsi wake ungamuthandize pa yoyang'anira anayo. Kampani ya MSC imayendetsa sitima kuchokera ku Durban kupita ku gombe la Mozambique nyengo yotentha, choncho zinthuzi sizili kutali kwenikweni. Adziwe chabe kuti makontilakiti ake amakhala a miyezi 6 kapena kuposerapo, ntchito tsiku lililonse ngakhale Lamulungu, kugona awiriawiri m'kachipinda kopanda zenera, ndipo pamafunika chiphaso cha STCW, chomwe ndi maphunziro a masiku ochepa a kuzimitsa moto, kudzipulumutsa m'madzi ndi chithandizo choyamba. Si kuphunzitsa mbiri, koma ndi ntchito yoona.

Komabe ine mtima wanga uli pa digiri yakeyo, ndipo sindikufuna aiyese yachabe. Sitima zing'onozing'ono zija zimayendanso m'gombe la kummawa kwa Africa, kuima ku Zanzibar, ku Kilwa ndi ku Ilha de Moçambique. Alendo amatsika kukaona tchalitchi cha Anglican chomwe chinamangidwa pomwe panali msika wa akapolo wa ku Zanzibar, womwe unatsekedwa mu 1873. Kodi ndi angati mwa owafotokozera omwe anapondako ku Nkhotakota, komwe Jumbe ankasonkhanitsira akapolo, kuwawolotsa nyanja yathu pa zombo, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa? Ndi angati angafotokoze za Chuma ndi Susi, omwe ananyamula mtembo wa David Livingstone kuchokera kwa Chitambo m'dziko la Zambia mpaka ku Bagamoyo, ngati anthu okhala ndi mbiri yawoyawo osati antchito chabe a mzungu? Nkhani ya kugombe ija mizu yake ili kuno kumtunda, m'midzi ya Achewa, Ayao ndi Amang'anja. Mwana wa kuno yemwe waifufuza mozama, wawerenga zolembedwa za ku National Archives ku Zomba komwe anaphunzirako, n'kukhala pansi ndi akuluakulu a ku Nkhotakota, adzakhala ndi chinthu chomwe pulofesa wa ku Oxford sangachipeze m'buku.

Ndiye asankhe mutu umodzi n'kuukumba. Ayesetse kupeza digiri yachiwiri, kaya kuno kaya kudzera m'mathandizo monga Chevening ndi Commonwealth. Alembe nkhani n'kuzitumiza ku magazini monga ya Society of Malawi, kuti dzina lake lizipezeka munthu akalifufuza. Pa tchuthi cha sukulu apemphe kutsogolerako alendo ku Chongoni, ku Mua kapena ku Cape Maclear, chifukwa kumeneko adzaphunzira kulankhula ndi anthu achikulire ochokera kunja omwe sakukakamizidwa kumumvera. Akonze nkhani ya mphindi 45 yokhala ndi zithunzi zomwe ali ndi chilolezo chozigwiritsa ntchito, aikambe pamaso pa anthu, wina amujambule ndi foni, aionere yekha n'kuona pomwe anthu anayamba kuyasamula. Chingelezi chake chikhale chomveka ndi chosathamanga, ndipo akaphunzirako Chipwitikizi kapena Chifalansa mwayi umakula. Zonsezi zidzamupindulira ngakhale atapanda kudzakwera sitima, chifukwa n'zomwezo zomwe zimatsegula makomo a ntchito za ku yunivesite, kunyumba zosungirako zinthu zakale ndi m'zokopa alendo.

Pali kayeso kena kotsika mtengo komwe angayambire. Nyengo ya mwera, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, akwere Ilala ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, akaone tchalitchi cha St Peter's chomwe chinamangidwa ndi mishoni yomwe inamanganso tchalitchi cha ku Zanzibar chija, ndipo ali m'sitimamo ayese kufotokozera anthu awiri kapena atatu omwe wakhala nawo pafupi mbiri ya chilumbacho mafunde akuwomba. Akabwerako mudzamufunse zinthu ziwiri: ngati m'mimba munakhazikika, ndi ngati anthuwo anamufunsa mafunso atamaliza. Mayankho akewo mudzandilembere, tidzakambirane za sukulu zomwe angapempheko malo a digiri yachiwiri.