Funsani Dokotala: Mkodzo wamagazi, kodi ndi madzi a pa mjigo?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala ku Golomoti m'boma la Dedza. Mwezi uno mkodzo wanga ukumatuluka wofiira koma osapweteka. Mwana wanga anawerenga pa intaneti kuti madzi a pa mjigo amatha kukhala ndi poizoni wotchedwa arsenic amene amawononga chikhodzodzo. Tayamba kuwiritsa madzi. Kodi zithandiza?

Yankho: Bambo, kuwiritsako n'kwabwino popha tizilombo, koma kwa arsenic mukungotha nkhuni. Arsenic amachokera m'miyala ya pansi pa nthaka n'kusungunukira m'madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Sachoka ndi nthunzi, ndipo madzi akamaphwera mumphika iye amatsalira momwemo, n'kuchulukirako. WaterGuard ndi klorini sizimuchotsa. Alibe fungo, alibe mtundu, pakamwa samveka: madzi oyera mbee akhoza kukhala naye.

Mwana wanu sananame. Bungwe la WHO linaika malire a mamaikirogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo ku Bangladesh anthu mamiliyoni ambiri anamwa madzi a m'mijigo opyola malirewa, vuto limene linadziwika m'zaka za m'ma 1990. Thupi limatulutsa arsenic kudzera mu impso, choncho amakathera mu mkodzo. Mkodzowo umakhala maola angapo m'chikhodzodzo, usiku wonse nthawi zina, ukukhudza khungu lamkati. Zikapitirira kwa zaka zambirimbiri, khansa ya chikhodzodzo imatha kuyamba. Kawirikawiri khungu lakunja ndi limene limayamba kuulula, patatha zaka zisanu kapena kuposerapo: mawanga akuda pachifuwa ndi kumsana, ndiponso timatuza tolimba ngati njerewere m'zikhatho ndi kumapazi. Tadziyang'anani m'manjamo, muyang'anenso a m'banja mwanu amene mumamwa nawo mjigo umodzi.

Komabe, munthu wa ku Golomoti akandiuza za magazi mu mkodzo, choyamba kuganizira ndi likodzo. Kumeneko, kumunsi kwa mapiri, kumatentha, ndipo nkhono zofalitsa matendawa zimakonda madzi odikha a m'madambo, m'ngalande za mpunga ndi m'mphepete mwa nyanja. Likodzo silifuna kuti mumwe madzi, kungopondamo kwakwana. Magazi ake amabwera kumapeto, timadontho totsiriza. Pitani kuchipatala mukayezetse mkodzo, ndipo mkodzo woyezetsawo ukhale wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Wolemera makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi a mamiligalamu 600. Mumwe mutadya, apo ayi amachititsa nseru ndi chizungulire.

Apa ndiye mumvetsetse. Pa msinkhu wanuwu, magazi osapweteka si oti n'kungomwera mapiritsi n'kukhala pansi. Ambiri amachedwa chifukwa magaziwo amasiya okha milungu ingapo, iwo n'kumati achira, pamene chotupa chikukula. Ngakhale mazira a likodzo apezeke, pemphani sikani ya impso ndi chikhodzodzo kuchipatala chachikulu cha boma. Magazi akabweranso, kapena sikaniyo ikaonetsa chachilendo, akutumizeni ku Kamuzu Central Hospital kuti akaone m'chikhodzodzo ndi kachipangizo kokhala ndi kamera. Likodzo lokhalitsa nalonso limayambitsa khansa ya chikhodzodzo, chimodzimodzi fodya. Ngati mumasuta, lekani lero.

Za mjigowo, maso sangakuuzeni kanthu, koma kuyeza basi. Komiti ya mjigo ikaonane ndi ofesi ya zamadzi ya boma kuti madzi akayezedwe ku labotale, ndipo mutchule kuti mukufuna ayeze arsenic, poti kuyeza kwa masiku onse kumakonda kuyang'ana tizilombo ndi mchere. Zotsatira za mudzi woyandikana nawo musazidalire, mijigo iwiri yoyandikana imatha kusiyana kwambiri. Akapezeka wopyola malire, madziwo mukhoza kuchapira ndi kusamba, chifukwa salowa kwenikweni pakhungu. Akumwa ndi ophikira nsima, phala kapena mpunga mutunge pa mjigo wina woyezedwa, kapena mukinge amvula a padenga la malata, mutataya oyambirira otsuka fumbi.