Chiuno chikupweteka koma X-ray akuti ili bwino

Mlongo wina wandilembera kuchokera ku Ngabu. Amayi ake, a zaka za m'ma 60, chiuno chikuwapweteka mbali imodzi mpaka kulephera kugona, koma X-ray akuti sikuonetsa kanthu. Akufunsa ngati angovomereza kuti ndi nyamakazi ya ukalamba.

Musavomereze msanga, mlongo. Azakhali anga zinawachitikira zomwezi. Anawajambula pachipatala china kuno kuchigwa, anawapatsa bufeni, basi. Chaka chisanathe anali atasiya kupita kudimba, mwendo utafupika, pokwera kabaza mpaka anthu awiri kuwanyamula. Kwathu anayamba kunena za kulodzedwa, ntchafu yonse mphini zokhazokha. Mphinizo zimandiwawa mpaka lero, chifukwa nthawi yomwe tinathera kwa asing'anga fupa linali likudyeka. Powajambulanso, mutu wa fupa la ntchafu, uja wobulungira, unali utaphwanyika ngati chigumu chopondedwa.

Matendawa madokotala amawatcha rapidly destructive hip osteoarthritis, kutanthauza nyamakazi ya m'chiuno yodya fupa mwamsangamsanga. Amakonda kugwira amayi achikulire, nthawi zambiri mbali imodzi. Dokotala wa ku France, Lequesne, anawalongosola mu 1970: mpata wa pakati pa mafupa umachepa ndi mamilimita 2 kapena theka la mpatawo pa chaka chimodzi chokha. Nyamakazi wamba imatenga zaka zambiri ndipo imameretsa timinyanga ta fupa m'mbali. Iyi timinyangato sitioneka kwenikweni. Choopsa n'chakuti poyamba X-ray ikhoza kuoneka yabwino. MRI, makina ena ojambula mkati mwa thupi, ndiyo imaona msanga madzi mu mfundo, kutupa kwa mkati mwa fupa ndi mng'alu waung'ono m'mutu wa fupa uja. Koma MRI ndi nkhani yokwera Thabwa kupita ku Blantyre, ndipo ine ndimakana ndithu kuti munthu wa ku Nsanje azingouzidwa kuti "ndi ukalamba" chifukwa makina ali kutali.

Zoti muchite

Sungani chithunzi choyamba, ngakhale kungochijambula pafoni, poti madzi osefukira amatitengera mapepala kuno. Ululu ukamakula, pakatha miyezi iwiri kapena itatu pemphani kuti awajambulenso, ndipo clinical officer wa mafupa aziike pamodzi zithunzi ziwirizo. Afunseninso za TB ya m'chiuno, mafinya mu mfundo ndi kufa kwa fupa posowa magazi, chifukwa pachithunzi zimafanana koma chithandizo n'chosiyana. Ngati akutentha thupi, musadikire miyeziyo. Mpata ukachepa, pemphani kalata yopitira ku Queen Elizabeth, chifukwa fupa likadyeka chotsala ndi opaleshoni yoika chiuno chochita kupanga.