Funsani Aphunzitsi: Kodi khwisa wa m'mabuku amatanthauza mavuto okha?

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ndine mtsikana wa Fomu 3 kuno ku Mangochi, mbali ya ku Malindi. Ndinawerenga nthano ya Hans Christian Andersen ya mtsikana Elisa, amene analuka malaya a khwisa kuti apulumutse alongo ake 11 omwe anasandutsidwa mbalame. Mnzanga akuti m'mabuku khwisa amangoimira mavuto basi, ndipo chomera chilichonse chili ndi tanthauzo limodzi loyenera kuloweza. Kodi ndi zoona? Inenso ndimalemba ndakatulo, koma khwisa wa ku Ulaya sindinamuonepo.

YANKHO: Mwanangu, mnzakoyo walasa pang'ono, koma za kulowezazo ndikukana. Ndaphunzitsa mabuku kwa nthawi yaitali, ndipo palibe chimene chimandiwawa ngati kuona mwana wanzeru akulemba m'kope kuti duwa ndi chikondi, minga ndi mavuto, kenako n'kutseka buku poganiza kuti wamaliza. Mlembi wabwino amasankha chomera chifukwa cha zimene chomeracho chimachita. Choncho yamba wachidziwa chomeracho.

Khwisa wa ku Ulaya ali ndi tiubweya tobooka mkati pamasamba ndi pathunthu. Ukamukhudza, nsonga za tiubweyato zimathyoka, timalowa pakhungu n'kuthiramo madzi owotcha, ndipo khungu limatuluka zidzolo. Amakonda nthaka ya chonde chambiri, makamaka pamene panakhalapo anthu kapena ziweto: pabwinja, pakhola lakale, kumanda. Komanso thunthu lake lili ndi luzi lolimba loti n'kuwombera nsalu, ndipo masamba ake anthete akaphikidwa kuwotcha kumatha, amasanduka ndiwo.

Tsopano bwerera kwa Elisa. Nthanoyo inatuluka mu 1838. Khwisa wake ankakamuthyola kumanda, n'chifukwa chake anthu anamuyesa mfiti. Ankamupondaponda ndi mapazi osavala kanthu kuti atulutse luzi, manja ali matuza okhaokha, ndipo sankaloledwa kulankhula ngakhale liwu limodzi mpaka ntchito itatha. Ukaona bwino, Andersen sanapeke chilichonse chokhudza chomeracho. Kumanda chimamera ndithu, chimawotcha ndithu, ndipo nsalu chimatulutsa ndithu. Chomera chomwe chikumupweteka n'chomwenso chikuombola abale ake. Ukangolemba kuti "mavuto", wataya theka la nthano. Ine malo amene amandigwira mtima ndi kumapeto: malaya omaliza anatsala opanda mkono umodzi, ndipo mlongo wake wamng'ono anatsala ndi phiko m'malo mwa dzanja. Chikondi cha mtsikanayo chinachita zonse zimene chikanatha, komabe chilema chinatsala.

M'Baibulo khwisa amagwira ntchito ina. Pa Miyambo 24:30-31 wolemba akudutsa pamunda wa munthu waulesi n'kupeza minga ndi khwisa paliponse, mpanda wa miyala utagwa. Pa Yesaya 34:13 khwisa akumera m'malinga a dziko la Edomu. Apa nkhani si ululu wa pakhungu ayi. Nkhani ndi yakuti mwini malo kulibe, kapena alipo koma wagona. Shakespeare naye anamugwiritsa ntchito mwa njira yake. M'sewero la Henry IV gawo loyamba, Hotspur akukonza chiwembu choukira mfumu, ndipo akunena kuti m'kati mwa khwisa wa zoopsa ndi mmene adzathyole duwa la chitetezo. Ndi mawu a mnyamata wolimba mtima koma wopupuluma, ndipo pakutha pa sewerolo waphedwa ku nkhondo ya ku Shrewsbury.

Koma amene ndimafuna ana anga onse atamuwerenga ndi Victor Hugo, m'buku la Les Misérables la mu 1862. Jean Valjean, amene anakhala m'ndende zaka 19 kuyambira pa mlandu woba buledi, akupeza anthu akumudzi akuzula khwisa n'kumutaya. Akuwauza kuti masamba ake ndi ndiwo, luzi lake ndi nsalu, wodulidwadulidwa ndi chakudya cha nkhuku ndi ng'ombe, ndipo amakhala woipa pokhapokha akanyalanyazidwa. Kenako akuti anthu ambiri ali ngati khwisa. Wowerenga amadziwa kuti bamboyo akunena za iye mwini, ngakhale anthu a m'mudzimo sakudziwa. Waona tsono? Mabuku anayi, chomera chimodzi, ndipo aliyense watengapo mbali yosiyana ya khalidwe lake lenileni.

Zakuti sunamuonepo khwisa wa ku Ulaya zisakudetse nkhawa. Chitedze umachidziwa. Palibe mwana wa kuno amene anapita kukatola nkhuni mvula itatha, nyemba zake zitauma, amene sadziwa mmene ubweya wake umayabwira, mpaka munthu kuvula malaya panjira. Sufunika n'kuchigwira komwe, mphepo imakubweretsera. Ndipo mbale wake weniweni ndi kalongonda, amene alimi amadzala kuti abwezeretse chonde m'munda, amenenso amayi amamuphika nthawi yaitali, akutaya madzi kangapo, asanamupereke kwa ana, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu. Mlakatuli amene angalembe za kalongonda wa m'chaka cha njala, mayi atakhala pamoto tsiku lonse kuchotsa ululu m'chakudya cha ana ake, wafika pomwe Andersen anafika, koma wadzera njira ya kwawo.

Mangochi yathu ndi yolemera pa zimenezi, ndipo zimandimvetsa chisoni ndikalandira ndakatulo za ana a kunyanja zodzaza ndi maluwa amene sanawanunkhizepo. Mlambe uli pakhomo pako, umayoyola masamba m'chilimwe n'kuoneka ngati wafa, pamene m'thunthu mwake wasunga madzi. Namasupuni ali mu Shire, mlendo wochokera ku South America wa maluwa okongola, amene amatseka njira za mabwato ndipo amakafika mpaka ku Nkula kukasokoneza makina a magetsi. Msolo ndi mtengo umene makolo a Chiyao ankathirapo mbepesi popempha kwa mizimu, choncho ukautchula m'ndakatulo agogo ako amva zambiri kuposa zimene walemba. Jack Mapanje, wobadwira kwa Kadango m'boma lomweli, anatenga bilimankhwe wa m'tchire la kwathu n'kumuika pa mutu wa buku lake la mu 1981, ndipo anthu a m'mayiko akutali anamumva.

Pa mayeso, akakufunsa chimene chomera chikuimira, dzifunse zinthu zitatu: chamera pati, ndani wachikhudza, ndipo chamuchita chiyani. Yankho lako lichokere m'ndimeyo, ndipo usonyeze mzere umene ukukuikira umboni. Pa ndakatulo zakozo, sankha chomera chimodzi cha pakati pa kwanu ndi kusukulu, ukafunse amayi kapena agogo ntchito zake, nyengo imene chimabala ndi zimene ankanena za icho kale. Ukalemba unditumizire kudzera ku magaziniyi, ndidzaiwerenga ndi kukuyankha.